Bonongwe wa Kuseri kwa Mpanda

Lekani anachedwa dala kuweruka tsiku limenelo. Anakolopa maofesi onse, natsuka makapu a tiyi amene akuluakulu anasiya musinki, kenako anakhala pa mpando wa m'khitchini kudikira kuti magalimoto a anthu a masana atuluke onse. Sanafune kuti wina amuone akuthyola ndiwo patchire ngati ali kwawo ku Mitundu.

Malo amene ankagwirako ntchito anali kumapeto kwa Kewdale, mu mzinda wa Perth, kuseri kwa madepoti a malole. Kalekale, zaka zimene anthu ankati mwala wa yureniyamu ndiwo chuma cha mawa, miyala yochokera kuchipululu inkabwera kuno kudzaperedwa ndi kuyezedwa. Kafukufuku uja atatha, nyumbazo zinatsekedwa, ndipo zinakhala zaka zambiri mbalame zikumanga zisa m'mawindo. Malo ozungulira anagulitsidwa pang'onopang'ono kwa eni malole, mpanda nkumasunthira m'kati. Tsopano nyumba zotsalazo zinali kugwetsedwa, koma osati monga agwetsera nyumba wamba. Njerwa iliyonse inkayezedwa. Fumbi ankalithira madzi tsiku lonse kuti lisauluke. Chilichonse chimene makina akana ankachitsekera m'migolo yachikasu, kupita nacho kukakwirira kutali.

Lekani kumeneko sankafikako. Ntchito yake inkathera m'maofesi a kutsogolo. Tsiku limene anayamba anamuphunzitsa lamulo limodzi: m'kati mwa chingwe chachikasu muli cheza cha miyala ija, chosaoneka ndi maso, chopanda fungo, chimene chimadya thupi mwakachetechete, choncho chingwecho asadumphe. Ogwira ntchito m'katimo ankatulukira m'kachipinda kokhala ndi makina oyeza manja ndi mapazi. Okolopa ankatulukira pa kageti ka pambali, popanda makina. Lamulo la chingwe Lekani analisunga monga asungira malamulo a m'Buku Lopatulika.

Koma bonongwe uja sanali m'kati mwa chingwe. Sanali ngakhale m'kati mwa mpanda. Anamera kuseri, m'kadzenje ka mchenga kufupi ndi poika mabini, wobiriwira ngati wa pakhola la ng'ombe, mu Febuluwale, pamene udzu wonse wa mu Perth unali utapsa ndi dzuwa. Lekani atamuona koyamba anavula chipewa. Kwa iye limenelo linali yankho la pemphero.

Mkazi wake Tithokoze, namwino wa panyumba yosamalira okalamba, anali woyembekezera. Mimba ziwiri zinali zitapita padera, ina ku Lilongwe, ina konkuno, ndipo za iyi sankazinena mokweza ngakhale kutchalitchi. Chakudya chinkamukana. Sipinachi wa m'sitolo ankangomununkhiza nkukankha mbale. Tsiku lina ali chigonere, maso kudenga, anati, "A Leka, ndikanangopeza bonongwe wotendera, kambale kamodzi kokha, mwina mwanayu akanandisiya ndigone." Ananena moseka. Lekani sanaseke. Anangosunga mumtima.

Dzuwa litalowa anapita kuseri kuja ndi jumbo. Mchenga wa m'kadzenjemo unali wonyowa, unkamatirira kunsapato. Anathyola nsonga zanthete zokhazokha, monga anamuphunzitsira mayi ake, kuti tsinde liphukenso. Jumbo litadzaza anatumiza uthenga pafoni: "Konzani nsinjiro. Ndikubwera ndi mlendo wochokera kumudzi."

Yankho linabwera nthawi yomweyo. "Musandinamize, bambo inu. Mtedza ndauponya kale m'bulenda."

Pofika pa siteji anapeza basi yomaliza itapita. Galimoto inali kunyumba, koma sanafune kudzutsa munthu wotopa kuti adzamutenge. Ku Bentley, kumene ankakhala, ndi patali ndithu, komabe miyendo anali nayo. Anapachika jumbo pa dzanja, nauyamba ulendo.

Msewu wa madepoti usiku umakhala wa malole okhaokha. Mbali zonse ndi mipanda ya waya, makontena osanjikizana, ndi magetsi otalikirana, moti pakati pa getsi ndi getsi munthu amayenda mumdima. Ndege inadutsa chapansi ikupita kukatera, phokoso lake nkuzimirira. Lekani ankang'ung'udza nyimbo ya kwaya, akuwerengera zabwino za tsikulo monga ankachitira masiku onse: mayi wa ku ofesi amene anamusiyira keke pa mbale, dalaivala amene anamuimikira kuti awoloke, ndiponso ndiwo zimene zinali kumugunda pa bondo.

Atayandikira mlatho wa njanji anamva kaphokoso.

Tik.

Anaganiza kuti ndi chitsulo cha lole chikuzizira.

Tik... tik.

Anaima. Kaphokosoko sikanaime. Kankachokera kutsogolo, kunsi kwa mlatho.

Pamenepo panaima mzungu wokalamba. Anavala khoti loyera lofika m'mawondo, kabudula, ndi masokosi aatali okokera mpaka m'munsi mwa bondo, kavalidwe kamene Lekani ankangokaona pa zithunzi zakale. Pakhosi anakoleka kabokosi kachitsulo ka lamba wachikopa. Ku kabokosiko kunachokera chingwe chopotana, ndipo kumapeto kwa chingwecho kunali kandodo kakafupi kamene anagwira ku dzanja lamanja.

Mtima wa Lekani unakhala pansi. Zoterezi ankazimva kawirikawiri kwa Tithokoze: okalamba oiwalaiwala amene amatuluka usiku m'nyumba zowasamalira, atavala za kuntchito, kupita ku ntchito imene inatha kalekale. "Oterowo osawatsutsa," Tithokoze ankatero. "Ukawatsutsa amachita mantha. Umalowa nawo m'dziko lawo, nkuyenda nawo pang'onopang'ono mpaka kuwafikitsa pakhomo."

Choncho m'malo mowoloka msewu, Lekani anawayandikira, naweramitsa mutu pang'ono, nawalankhula m'Chingerezi chofatsa.

"Agogo, kwada. Kwanu ndi kuti? Ndikuperekezeni?"

Agogowo moni sanayankhe. Anakweza kandodo kaja.

"Manja," anatero.

Lekani anakumbukira malangizo a mkazi wake. Anaika jumbo pansi, natambasula manja onse awiri. Kandodoko kanayenda pamwamba pa zikhatho, mosafulumira, mosakhudza khungu, monga achitira munthu amene wagwira ntchito imodzi moyo wake wonse.

Tik, tik, tik, tik.

"Mapazi."

Lekani anakweza phazi lamanzere, kenako lamanja. Kabokosiko kanafulumira. Tiktiktiktik.

"Thumba."

"Ndi ndiwo chabe, agogo. Za mayi a kunyumba. Sakudya bwino masiku ano."

Kandodo kanatsikira pa jumbo. Kabokosi kanalira ngati chimanga chothetheka m'chiwaya, kosalekeza, mpaka phokosolo linadzaza kunsi konse kwa mlatho.

"Izi sizipita kunyumba," anatero agogowo. Mawu awo anali otsika, opanda mkwiyo. "Kunyumba kumapita munthu yekha."

Nthawi yomweyo lole inatulukira pa kona. Magetsi ake anawala pa khoma la mlatho. Pakhomapo Lekani anaona chithunzithunzi chake, chachitali. Anaona cha jumbo, chili pansi. Anayang'ana pambali pake, pamene panayenera kukhala chachitatu...

Panalibe.

Lole inadutsa. Mphepo yake inakupiza shati la Lekani. Khoti loyera lija silinagwedezeke ngakhale pang'ono.

Lekani anawerama. Anatola jumbo. Anawalambalala agogowo. Sanathamange. Anangoyenda, maso kutsogolo, akutchula dzina la Yesu chamumtima.

Tik... tik... kumbuyo.

Sanacheuke.

Kunja kwa mlatho. Mdima. Mpanda wa waya. Getsi lotsatira lili poteropo.

Kumbuyo kunati zii.

Anapuma. Anakweza maso.

Pansi pa getsilo, kutsogolo kwake, khoti loyera!

Tik. Tik. Tik.

"Kunyumba kumapita munthu yekha."

Lekani anaima pakati pa msewu. Analibe kothawira. Anatseka maso. "Ambuye," ananong'ona, "ngati ichi nchoipa, chichotseni. Ngati nchochokera kwa Inu, nditsekuleni makutu."

Foni inanjenjemera m'thumba. Anaitulutsa. Unali uthenga wa Tithokoze: "Muli pati? Mnzanuyu akuvina m'mimba muno ngati wamva fungo."

Atakweza mutu, agogo aja anali pafupi, pafupi kwambiri. Koma sankayang'ana iye. Ankayang'ana kuwala kwa foni.

"Pali mwana," anatero. Silinali funso.

Apa ndi pamene Lekani anawayang'ana kumaso koyamba. Sinali nkhope ya chinthu chofuna kumupweteka. Inali nkhope ya munthu wotopa amene waima pakhomo nthawi yaitali, kudikira womaliza kuti atuluke bwino. Mantha sanathe, koma pansi pa manthawo panabwera mantha ena, aakulu kuposa oyambawo. Anayang'ana jumbo. Anakumbukira mchenga wonyowa uja, m'mwezi umene mvula sigwa. Madziwo ankachokera kuti?

Anakweza dzanja kuti aliponye m'ngalande.

"Osataya," anatero agogowo. "Pamadutsa ena. Bwerera nalo. Ukasambe."

Lekani anatembenuka.

Ulendo wobwerera sanauiwale. Jumbo analigwira patali ndi thupi, mkono ukuwawa. Kumbuyo kwake kunalibe mgugu wa nsapato, kunalibe kupuma kwa munthu. Kunali kaphokoso kaja kokha, kosatsalira, kosayandikira. Tik... tik... tik. Anadutsanso kunsi kwa mlatho. Anadutsa makontena. Ataona getsi la kanyumba ka mlonda, kaphokosoko kanaleka. Anacheuka. Msewu unali mbee, wopanda munthu.

Mlonda wa usiku anali Mwelwa, wa ku Zambia, munthu wa nthabwala amene ankamugawira Lekani tiyi wa m'fulasiki nyengo yozizira.

"Ba Lekani, mwabwela futi? Mwaibala chani? Olo bamadamu bakupitikisani?"

"Ndiyezeni pa makina aja, achimwene."

"Imwe bokolopa simupimiwa. Mwakwezewa pa nchito osatiuza?"

"Chonde."

Mwelwa anamuyang'ana kumaso, nthabwala nkuthera pomwepo. Anatenga makiyi, natsekula kachipinda kaja. Lekani anaponda pa makinawo, nalowetsa manja m'mabowo ake monga ankaonera anzake akuchita. Getsi lofiira linayaka. Belu linalira mpaka agalu a kudepoti ina anayamba kuuwa.

"Ikani pansi pulasitiki iyo," anatero Mwelwa, mawu atasintha. "Osagwila kumaso. Osagwila chilichonse." Anali ataimba kale foni.

Amene anabwera anali Mayi Jacqueline, mkulu woona za chitetezo cha ogwira ntchito pamalopo, mzimayi wa imvi amene m'mawa uliwonse ankapatsa moni okolopa powatchula maina. Anafika tsitsi lili nyankhalala, atavala juzi pamwamba pa zogonera. Sanakalipe. Jumbo analinyamula ndi chopanira chachitali nkulitsekera mu mgolo wachikasu. Nsapato za Lekani zinalowa momwemo, ndipo foni anaipukuta nkuiyeza. Anamusambitsa m'manja ndi madzi ofunda ndi sopo, kubwerezabwereza, mpaka makina anakhala chete, getsi lobiriwira nkuyaka.

Kenako anatenga tochi ndi choyezera chawo, napita kuseri kwa mpanda. Atabwerako anati pansi pa kadzenjeko pali paipi yakale yochokera kumene ankatsukira miyala, ndipo madzi othira fumbi aja anaipeza nkumatulukira kumeneko. Mbali imeneyo inali isanayezedwe. Usiku womwewo iwo ndi Mwelwa anazunguliza kadzenjeko ndi chingwe chachikasu.

"Mwadyako?" anafunsa Mayi Jacqueline.

"Ayi, mayi."

"A kunyumba?"

"Ayi. Akudikira." Kenako anawonjezera kuti, "Ndi oyembekezera."

Mayi Jacqueline anakhala pa benchi.

"Inu wamkulu, mbale imodzi mwina sikanakugwetsani," anatero. "Koma mwana wosabadwa sitimuyesera zinthu zimenezi. Ndipo sikanakhala mbale imodzi. Masamba amenewa amaphukanso, eti?"

"Amaphukanso," anayankha Lekani. Anakumbukira mmene anasamalira matsinde aja pothyola.

Mwelwa anavula mapatapata amene ankapumitsira mapazi m'kanyumba kake, napatsa Lekani. "Mubweze mailo pobwela ku nchito, mudala. Ni ya ku Lusaka iyo, kuno kulibe."

Mayi Jacqueline anati amuperekeza pa galimoto. Anayenda mawindo ali otsekula. Atayandikira mlatho wa njanji, mayiwo anafunsa.

"Chinthu chimodzi sindikuchimvetsa. Munali mutapita kale. Cheza sichiyabwa, sichitentha. Chinakubwezani nchiyani?"

Lekani sanali munthu wokamba zambiri, ndipo anaopa kuti amuyesa woledzera. Koma mayiwa anali atadzuka pakati pa usiku chifukwa cha iye, ndipo kuwabisira kukanakhala kusayamika.

"Ndinakumana ndi agogo ena. Pompano, pansi pa mlathowu. Anali ndi choyezera chakale, cha lamba wachikopa. Ndimayesa athawa ku nyumba ya okalamba."

Galimoto inachepetsa liwiro.

"Anavala bwanji?"

"Khoti loyera. Kabudula. Masokosi ofika m'mawondo."

"Anati chiyani?"

"Anati manja. Kenako mapazi. Kenako thumba. Atamva kulira kwa choyezera anati izi sizipita kunyumba. Anati kunyumba..."

"...kumapita munthu yekha," anamaliza Mayi Jacqueline.

Anaimika galimoto pambali pa msewu, kunsi kwenikweni kwa mlatho, nazimitsa injini. Manja awo anakhalabe pa chiwongolero.

"Ndi a Ezra," anatero. "Pamene ndinkabwera kudzayamba ntchito, ndili mtsikana wongochoka kusukulu, malo athu ankafika mpaka pano. Geti linali pompano. Kanyumba kawo kanali apo, pamene pali chipilalacho. Palibe amene ankatuluka osawaonetsa manja, ngakhale bwana wamkulu, ngakhale mvula ikugwa. Tinkawadandaula kuti amatichedwetsa basi. Iwo ankangoti, ana anu sanalembedwe ntchito kuno. Ntchito imene ndikugwirayi anandiphunzitsa ndi iwo."

"Ndiye tiwafunefune, mayi. Kwada, ndipo ndi okalamba."

Mayi Jacqueline anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Lekani, a Ezra tinawaika m'manda ine ndisanamere imvi ndi imodzi yomwe. Nyumba zija zinali zisanatsekedwe nkomwe. Choyezera chawo chinakhala pa msomali zaka zonsezi. Pamene tinayamba kugwetsa, ndinachitsekera ndekha mu mgolo woyamba. Chili pansi pa nthaka, kuchipululu."

Sitima ya katundu inadutsa pamwamba pawo, yaitali, mlatho nkumanjenjemera. Itatha, Lekani anatchera khutu. Kunali zii. Mayi Jacqueline anapukuta m'maso ndi mkono wa juzi, naliza galimoto.

Ku Bentley nyumba zonse zinali zitazima kupatula imodzi. Tithokoze anatsekula chitseko Lekani asanagogode, chitenje chili pamwamba pa mimba, fungo la nsinjiro likuchokera kukhitchini. Anayang'ana galimoto yachilendo ikubwerera, anayang'ana mapatapata a eni ake kumapazi kwa mwamuna wake, kenako manja ake opanda kanthu.

"Nanga mlendo wathu uja ali kuti?"

"Amubweza pa geti."

"Ndani?"

Lekani anayang'ana zikhatho zake, zotuwa ndi sopo. Anaziika pa mimba ija mofatsa, ndipo m'katimo munthu anagunda kamodzi, mwamphamvu.

"Ndikuuzani zonse," anatero. "Koma tigwade kaye. Pali agogo ena ake oti tiwathokozere kwa Mulungu."